Masenti 62 ndi theka a zipatala za ku Santa Clara

Ine sindinavote nawo pa 4 Novembala 2025 chifukwa sindine nzika ya dziko lino, koma msonkho umene anthu a ku Santa Clara County, dera lina la kuno ku California, anauvomereza tsiku limenelo ukundikhudza monga wina aliyense wolowa m'sitolo, choncho ndili ndi ponenapo. Pa anthu 100 alionse amene anaponya voti, pafupifupi 57 anavomereza Measure A, lamulo lowonjezera masenti 62 ndi theka pa msonkho wa katundu wa madola 100 alionse, kwa zaka zisanu kuyambira pa 1 Epulo 2026. Akuluakulu a County akuyembekezera kuti azitolera madola pafupifupi 330 miliyoni pa chaka. Ndikuti anthu anachita bwino kuuvomereza, ngakhale kuti sindikunena zimenezi ndi mtima wonse.

Gwero la nkhaniyi lili ku Washington. Pa 4 Julayi 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo la H.R. 1, limene likudula madola pafupifupi 1 thililiyoni pa zaka 10 ku ndalama za Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa imene kuno ku California timaitcha Medi-Cal. Kwa anthu ambiri, lamuloli silinena poyera kuti wakutiwakuti achotsedwe. Mwa zina, limafuna kuti pofika 2027 akuluakulu ambiri azionetsa umboni woti agwira ntchito, aphunzira kapena athandiza mongodzipereka kwa maola 80 pa mwezi, ndiponso kuti mapepala awo aziunikidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse m'malo mwa kamodzi pa chaka.

Pomva zimenezi munthu angati palibe chovuta, koma ine ndimaganizira bambo wina woyandikana naye nyumba kuno ku San Jose, amene amakhalira maganyu otchetcha kapinga ndi kudulira mitengo. Amalawirira m'bandakucha, ndipo maola 80 amawadutsa mwezi usanafike pakati, koma eni nyumba amamulipira pamanja popanda kapepala kalikonse. Makalata a boma amawaunjika pamwamba pa firiji mpaka mwana wake wamkazi atabwera Lamlungu kudzamuwerengera, pakuti Chingerezi cha m'makalata amenewo chimasokoneza ngakhale ife amene tinapita patali ndi sukulu. Bamboyu ali ndi matenda a shuga. Tsiku limene envulopu imodzi idzasochere, inshuwalansi yake idzatha iye asakudziwa. Izi si zongopeka, chifukwa boma la Arkansas litayesa lamulo lotere mu 2018, anthu pafupifupi 18,000 anachotsedwa m'miyezi yochepa chabe.

Kuchotsa munthu m'kaundula sikuchiza shuga. Iye adzasiya kupita kukapimitsa, adzayamba kudumphitsa mankhwala kuti akhalitse, ndipo pamapeto pake adzabwera usiku pa ambulansi ali ndi bala la kuphazi limene lakana kupola. Lamulo la EMTALA la mu 1986 limaletsa chipatala kubweza munthu wodwala mwakayakaya chifukwa choti alibe ndalama, ndipo malamulo a California amapereka kwa County udindo wosamalira odwala osauka amene alibe kwina kolowera. Ndiye kuti ndalama imene Washington ikuti yapulumutsa yangosamutsidwira pamutu pa County, itakulanso, popeza kudula phazi ndi kokwera mtengo kwambiri kuposa mapilitsi a mwezi ndi mwezi.

Santa Clara ili ndi katundu wolemera kuposa madera ambiri chifukwa imayendetsa yokha zipatala zinayi. Valley Medical Center ndi chakale, ndipo n'kumene amathamangira nawo anthu opsa ndi moto ndi ovulala kwambiri pa ngozi. O'Connor ndi St. Louise ya ku Gilroy zinagulidwa mu 2019 kampani ya Verity itagwa, ndipo Regional Medical Center inabwera m'manja mwa County mu Epulo 2025, eni ake akale, kampani ya HCA, atachepetsa chithandizo cha ovulala pa ngozi kum'mawa kwa San Jose chaka cham'mbuyo. Zipatala zimenezi zimadalira kwambiri ndalama za Medi-Cal, ndipo County ikuti izidzataya ndalama zoposa madola 1 biliyoni pa chaka. Msonkho watsopanowu ukungotseka gawo limodzi mwa magawo atatu a dzenjelo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti msonkho wa pa zogula susankha nkhope. Mu San Jose ukufika pa madola 10 pa 100 alionse, ndipo wotchetcha kapinga uja akamagula matayala a galimoto yake yantchito amalipira chimodzimodzi ndi injiniya wa ku Apple, Google kapena Nvidia, makampani amene malikulu awo ali m'dera lomweli. Wina angafunse chifukwa chake sanapite kukatapa kumene kuli nkhokwe zodzaza. Yankho lake n'lakuti County ilibe mphamvu yodula msonkho pa malipiro a anthu, ndipo msonkho wa nyumba unamangidwa manja ndi lamulo la Proposition 13 la mu 1978. Chotsala chinali kauntala ya m'sitolo basi. Chotonthozako n'chakuti zakudya zokaphika kunyumba ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala sizidulidwa msonkho umenewu. Ndikayerekezera masenti owonjezerawo ndi kutsekedwa kwa chipatala cha ku Gilroy, kumene wodwala angafunike kuyenda ulendo wautali kukafika ku San Jose, ndimaona kuti wosaukayo ndi amene angalire kwambiri msonkhowu utakanidwa.

Sindingabise kuti njira imeneyi ndi ya madera olemera okha. Ku Madera, m'chigwa cha alimi, chipatala chinatsekedwa kumayambiriro kwa 2023 ndipo chinakhala chotseka zaka ziwiri. Kumeneko ngakhale atakweza msonkho, ogula ndi ochepa. Ife ochokera ku Malawi tikuzidziwa bwino zimenezi, pakuti boma lomweli la America litaimitsa thandizo lakunja mu Januwale 2025, kunalibe khonsolo kwathu imene ikanatha kulowa m'malo mwake ndi ndalama za ziphaso za pamsika.

Pali mfundo imodzi imene ndikupempha anzanga okhala kuno kuti tisaiiwale. Ku California msonkho wolembedwa kuti ndi wa ntchito yakutiyakuti umafuna mavoti awiri mwa atatu alionse ngati aubweretsa ndi akuluakulu a boma, pamene msonkho wamba umangofuna opitirira theka. Measure A inalembedwa ngati msonkho wamba kuti idutse mosavuta, kutanthauza kuti ndalamazo zikulowa m'thumba lalikulu la County, momwe mumachokeranso ndalama za ndende ndi za apolisi. Pa kampeni ankatiuza za zipatala, koma palibe mawu m'lamulomo okakamiza mamembala asanu a Board of Supervisors, bungwe loyendetsa County, kuti senti iliyonse ipite kumeneko. Bajeti imakambidwa poyera chaka chilichonse isanavomerezedwe mu Juni, ndipo aliyense amaloledwa kuimirira n'kulankhula, kaya ndi nzika kaya ayi. Ine ndauza kale abwana anga kuntchito kuti tsiku limenelo adzandipezere wondigwirira.