Laikipia inali ndi eni ake, musatinamize

Wina waika kanema pa Facebook wotamanda Laikipia, chigawo cha ku Kenya chodzaza ndi mafamu a ng'ombe, ati linali thengo lopanda mwini mpaka azungu atabwera kudzalisamalira. Lopanda mwini? Mwandikwiyitsa kwabasi inu.

Munali anthu mmenemo! Amaasai ankadyetsa ng'ombe zawo m'zigwa zimenezo. Mu 1904 Angerezi anawasainitsa pangano, kuwachotsa ku Naivasha ndi ku Nakuru, n'kuwalonjeza kuti Laikipia ikhala yawo malinga ngati mtundu wa Amaasai uli ndi moyo. Sizinathe ndi zaka 10 zomwe. Mu 1911 pangano lina, nyamukani, pitani kummwera. Anayenda ndi ana, nkhalamba ndi ziweto, ena n'kufera m'njira. Anakasuma kukhoti, mu 1913 mlandu unatayidwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, malo aja anagawidwa kwa asilikali a ku Britain opuma pantchito. Ndiye lero mudzitiuza kuti munalibe munthu? Munalibe munthu chifukwa anachita kumuthamangitsa.

Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Uyu sanakamuke ayi, anazika mpanda wa waya.

Pitani mukaone Ol Pejeta, famu yosungiramonso nyama zakutchire pafupi ndi tauni ya Nanyuki, maekala pafupifupi 90,000, momwe muli ng'ombe za mtundu wa Boran, zipembere ndi alendo olipira madola. Kunja kwa waya, mnyamata akukusa ng'ombe zoonekera nthiti, udzu akungouona ndi maso. Mu 2017 chilala chitavuta, abusa a Chisamburu ndi Chipokot anadula waya wa mafamu ena a ku Laikipia n'kulowetsa ziweto, dzina lawo linasanduka olanda malo. Inde, andale anakolezera moto chifukwa chinali chaka cha chisankho, ndipo kupha mwini famu Tristan Voorspuy kunali kulakwa, sindikuikira kumbuyo mfuti. Koma mawu oti kulanda musayambire nawo pa 2017, yambirani pa 1911. Chipembere mwachipatsa mlonda wamfuti usana ndi usiku, zabwino ndithu, nanga ng'ombe ya mwini nthaka imwe kuti?

Komanso asilikali a Britain mpaka pano akuchitirabe maphunziro awo a nkhondo ku Nanyuki konko. Mu 2021 moto unabuka pa zochita zawo ku Lolldaiga, malo ena osungirako nyama zakutchire, n'kutentha maekala masauzande, utsi n'kumatsamwitsa anthu m'midzi. Zimenezo mu kanema wanu uja mulibe bwanji?