Dothi louma silitsindirika

Abale inu, kodi kunyowetsa dothi musanalitsindire unasanduka mlandu? Akumba ngalande ya mapaipi mumsewu wathu, akwiriramo dothi louma la mu Okutobala lonse nthawi imodzi, apondaponda ndi majombo, ati ntchito yatha. Mvula yoyamba, dzenje! Pakalavati njinga ikuchita kudumpha. Khonde la nyumba yatsopano lang'aluka kale. Ena akamva za madzi amathira mpaka dothi kusanduka phala, makina n'kumangotitimira. Chovuta n'chiyani? Dothi limafuna chinyezi chapakatikati: ukalifumbata ligwirane, osayoyoka, osachucha madzi. Thirani dothi masentimita 15, tsindirani, kenako onjezani. Injiniya wa ku America Ralph Proctor anazifotokoza kalekale mu 1933! Koma ayi, galimoto ya madzi imangooneka tsiku lobwera akuluakulu, kudzapha fumbi kuti masuti asade.