Chonde zithunzi muzitumiza ngati Document

Abale anga, nkhani ya zithunzi za pa WhatsApp yanditopetsa zedi. Ine ndimadizaina magazini ndi timabuku ta pa intaneti, ndimagwira pandekha, ndiye kasitomala ndimamuuziratu kuti chithunzi cha pachikuto mutumize ngati Document (njira ya pa WhatsApp yotumizira fayilo osaifinya), koma ayi ndithu amangochiponya wamba, WhatsApp n'kuchifinya, ine kuchikuza pa laputopu nkhope ya munthu yangokhala timabokosi tokhatokha, maso osaoneka olo pang'ono. Ena logo amachita kujambula pa sikirini, mpaka batire ndi nthawi zikuoneka pamwambapo!

Zikatuluka zoipa kosindikiza wolakwa ndine. Kusindikiza kumafuna 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), kachithunzi kofinyidwa sikangadzadze A4, olo nditachezera usiku wonse pa Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi.

Chondiwawa kwambiri n'choti achinyamata omwe ndimawaphunzitsa Loweruka ayamba kale kukumana nazo. Mtsikana wina anabwera misozi ili m'maso, positala ya kwaya aikana ati yazilala, chonsecho iye mbali yake anagwira bwinobwino, vuto linali chithunzi chomwe anamupatsacho. Kutumiza ngati Document kumadya bandulo yambiri, ndipo bandulo ndi yodula inde ndikudziwa, nanenso ndimagula, koma tikabwereza ntchito katatu imapita yambiri kuposa pamenepo.