Inu odula mitengo m'makomo, mudzatiphera ana

Ndikulankhula ndi inu eni nyumba, ndi inunso anyamata amene mumayenda ndi chikwanje m'khwapa kufunsa ganyu. Chaka chilichonse ukangofika mwezi wa Okutobala, mphepo ija yotsogolera mvula ikayamba kusasula malata, aliyense amakumbukira kuti bulugamu wa kuseri kwa nyumba watalika kwambiri. Ndiye mumangokodola aliyense wodutsa pamsewu: "Achimwene, simungandigwetsere uwu?" Simufunsa ngati munthuyo anagwetsapo mtengo chibadwire. Simufunsa ngati ali ndi chingwe. Mumangokanganirana ndalama, mukagwirizana mwalowa m'nyumba kukaonera mpira. Khalidwe limeneli lisiyike.

Mnyamata uja wayamba wadutsa kaye kokamwa kachasu, akuti achotse mantha. Mantha amenewo ndiye anali omuteteza! Wakwera atavala patapata, chikwanje atachiluma kapena atachisomeka mu lamba, pansi ana a pa mpanda onse asonkhana khosi m'mwamba. Mayi ali pa mtondo chapomwepo. Palibe ndi mmodzi yemwe woti athamangitse anawo. Kodi nzeru zinapita kuti? Odziwa ntchito imeneyi amati munthu wosagwira nawo aime kutali, mtunda wa kutalika kwa mtengowo kawiri. Ngati pakhomo panu ndi pothina, monga mmene zilili ku Ndirande kapena ku Mtandire, ndiye kuti mtengowo si wogwetsa wonse nthawi imodzi. Umatsitsidwa pang'onopang'ono kuyambira kunsonga, nthambi iliyonse itamangidwa chingwe, ndipo wokwerayo nayenso atadzimangirira kuthunthu.

Ndipo mtengo sutemedwa mozungulira ngati mukusenda nzimbe. Ndimaona ena akutema uku, atema uko, kenako akuthawa osadziwa kumene ugwere. Umayamba wauyang'ana kumene wapendekera, kumene nthambi zalemera, ndi kumene mphepo ikuwombera. Mbali imene ukufuna ugwereyo ndiyo umatema kakamwa, kosafika ndi pakati pomwe pa thunthu. Kenako umapita kumbuyo n'kudula chapamwamba pang'ono, koma osadula mpaka kukumaniza. Kachigawo kamene umasiya pakati kaja ndi kamene kamaugwira mtengo kuti ugwe mwaulemu kumene waulozera. Ukakadula, tsinde limadumpha, ndipo limamenya amene waima kumbuyo kwake. N'chifukwa chake njira yothawira umailambula usanayambe, ya cham'mbali chakumbuyo, yopanda ziputu ndi miyala yopunthwitsa. Ukagwa n'kukodwa mumtengo wina, usalowe pansi pake kukatema umene waugwirawo. Ukoke ndi chingwe uli patali.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mawaya a magetsi. Ana inu, mawaya amene amadutsa m'misewu yathu kupita ku thiransifoma amanyamula mavoti 11,000, ena 33,000. A m'nyumba mwanu aja, amene amakugwedezani mukagwira ayironi yowonongeka, ndi 230 okha. Nthambi yaiwisi ili ndi madzi, ndipo magetsi amayenda m'menemo mpaka kukafika pa dzanja limene laigwira. Pa mawaya akuluakuluwo safuna n'komwe kuti uwakhudze, ukangoyandikitsa chikwanje amadumpha okha. Nanga bwanji munthu wamkulu ndi ndevu zake kutuma mwana wa eni kuti akasadze nthambi imene yatsamira waya, pofuna kupulumutsa nthawi yopita ku ofesi ya ESCOM? Pitani mukanene, muwadikire, azimitse kaye kapena asadze okha. Achedwe bwanji, kudikira sikunaikitsepo munthu m'manda. Ndipo waya akaduka n'kugwa pansi, musamuyandikire, ngakhale magetsi atazima m'dera lonse. Amabwera osagogoda. Munthu akagwidwa, musamukoke ndi manja, chifukwa maliro adzakhala awiri.

Eni makina ochekera aja, amene masiku ano akungolira paliponse, nanunso mumve. Nsonga ya chenisoo ikagunda chinthu, makinawo amabwerera kumaso m'kuphethira kwa diso. Sagwiridwa ndi dzanja limodzi, sakwezedwa kupitirira phewa, ndipo sabwereketsedwa kwa mlamu chifukwa choti anaonererapo.

Mitengo yambiri imene mukugwetsayi sinalakwe kanthu. Mango amene anadzala agogo anu, amene mumakhala pamthunzi pake nthawi ya maliro ndi ya chinkhoswe, mukuwadula chifukwa cha nthambi imodzi yokhudza denga. Sadzani nthambiyo basi. Koma posadzanso pali kasadzidwe. Nthambi yolemera umayamba waitema kunsi, patali pang'ono ndi thunthu, kenako pamwamba, kuti pogwa isang'ambe khungwa mpaka pansi. Ukatero umachotsa kachitsa katsalako bwinobwino, osakumba thunthu, osasiyanso chisonga chotalika. Bala losalala limapola. Bala lophwanyikaphwanyika limasunga madzi a mvula, chiswe n'kulowa, mtengo n'kuwola m'kati muli osadziwa, ndipo ndi umenewo umene umadzagwera nyumba usiku patapita zaka. Bulugamu ndi kesha mukazidula chapansi, modula mopendeketsa kuti madzi azitsetsereka, zimaphukanso n'kukupatsani milimo ndi nkhuni zina.

Za iwo osonkha moto patsinde la mtengo n'kumapita kukagona, ndilibe mawu ofewa. Mtengo wotero umagwa nthawi imene wafuna, pa njira imene ana amadzera popita kusukulu. Ukatero usadzanene kuti tsoka silinunkha. Linanunkha, utsi wake tonse tinauona.

Ngakhale pa nkhuni zenizenizi, kusasamala n'komweko. Nkhwangwa yogwedera pa mpini mukuwazira pakati pa bwalo, mwana ali patsogolo panu, phazi lopanda nsapato mwapondera chikuni chomwecho. Khomererani mpiniwo kaye. Mwana asakugwirireni chikuni. Musanakwere mtengo wouma yang'anani njuchi ndi mavu m'mphako, chifukwa zikakuyambani muli m'mwamba mudzasiya nthambi osafuna. Nkhadze musaiteme osateteza maso, utomoni wake woyera uja umawotcha, ndipo ukakugwerani tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo n'kuthamangira kuchipatala. Nkhuni zaziwisi ziume kaye. Amayi athu akutsokomola m'makhitchini opanda zenera chifukwa cha utsi wa nkhuni zodula dzulo.

Inu okwera m'mapiri ndi nkhwangwa usiku, lamulo la zankhalango la 1997 lilipo, ndipo mu 2020 analikhwimitsa pa nkhani ya makala. Koma ine sindikuopsezani ndi apolisi. Pitani mukafunse anthu a ku Chilobwe zimene anaona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira m'nyumba za anthu. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Amene wagwetsa chaka chino tidzamuone ndi mbande m'manja, ndipo adzazipalire, osati kungojambulitsa tsiku lodzala.

Zikavuta, munthu wagwa mumtengo, chonde musamunyamule wina miyendo wina manja, musamukhazike pa kabaza mutu uli lendelende. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, musamudzutse kuti muone ngati angaime. Mugonekeni pa chitseko kapena thabwa, wina agwire mutu kuti usagwedezeke, mupeze galimoto. Musamumwetse kanthu. Ndipo inu bambo mwini nyumba amene munamulemba ganyu, musatseke geti n'kunena kuti simukumudziwa. Mukwere naye galimotoyo, ndipo kwa makolo ake mukanene nokha.