Musanamizire mzere wa Flick, Barcelona inadzipha yokha ku San Siro

Mpaka lero mukangotchula Inter ndi Barcelona m'magulu athu a mpira pa WhatsApp, nkhani ya ndime ya matimu anayi ya Champions League ya mu 2025 ija imadzukanso, ndipo nyimbo yake ndi imodzimodzi. Eti Hansi Flick, yemwe anali mphunzitsi wa Barcelona pamasewerowo, ndi wamakani, amakweza otchinga kumbuyo mpaka pamzere wapakati, ndiye zigoli 7 zomwe anamwa zinali malipiro a makani akewo. Oikweza kwambiri nyimboyi ndi aganyu, anthu a Madrid omwe anali atatulutsidwa kale ndi Arsenal ndipo usiku umenewo anangobwereka jezi ya Inter. Ine ndikukana. Mzere wa Flick uli ndi mavuto ake, koma umenewo sunatulutse Barcelona. Inatuluka chifukwa cha zomwe inachita Raphinha atagoletsa m'mphindi ya 87, mpira uli m'manja mwawo kale.

Tiyeni tiziyang'ane zigolizo chimodzichimodzi, poti ambirife timangokumbukira kuti zonse pamodzi zinathera 7-6 mokomera Inter.

Masewero oyamba anali pa 30 April kwawo kwa Barcelona ku Montjuïc, ndipo anatha 3-3. Marcus Thuram anagoletsa ndi chidendene mphindi yoyamba isanathe, ena tisanapeze n'komwe pokhala. Zigoli ziwiri zotsatira za Inter anamwetsa ndi Denzel Dumfries, ndipo zonse zinachokera pa kona. Choyamba Acerbi anayamba waugunda ndi mutu, Dumfries n'kuutembenuza m'mwamba. Chachiwiri anangodumpha kuposa aliyense n'kuumenya ndi mutu. Tsono abale, pa kona pamakhala mzere wanji wokwera? Aliyense amakhala ali m'bokosi mwake, wagwira munthu wake. Pamenepo Barcelona inaluza chifukwa anyamata a Inzaghi, mphunzitsi wa Inter nthawi imeneyo, anali aatali komanso amphamvu, basi. Flick akanakhala kuti anaimika timu yonse pagolo, zigoli ziwirizo zikanalowabe.

Ku San Siro, kwawo kwa Inter, pa 6 May, chigawo choyamba ndiye ndikuvomera kuti mpata wa kumbuyo unaoneka. Lautaro Martínez, yemwe anali atavulala m'masewero oyamba aja ndipo anangodzikakamiza kusewera, anagoletsa golo ili pululu Dumfries atamupatsira. Penate yomwe Çalhanoğlu anamenya inabwera Cubarsí akuthamangira Lautaro yemweyo. Koma onani pomwe chigoli cha Lautaro chinayambira. Dani Olmo analandidwa mpira ndi Dimarco m'dera la Barcelona lomwe, anzake onse akuyang'ana kutsogolo. Ukalandidwa mpira pamalo amenewo, kaya otchinga ako aima pati, uli m'madzi.

Mzere wokwera suyenda wokha. Umadalira kuti munthu amene ali ndi mpira kumbali inayo asapeze nthawi yodzutsa mutu. Akamapanikizidwa, amaumenya mochedwa kapena mopupuluma, ndipo wothamangira kumbuyo uja amapezeka ali ofisayidi. Mu October 2024 ku Bernabéu, Mbappé yekha anagwidwa ofisayidi ka 8, Barcelona n'kupambana 4-0. Nthawi imeneyo palibe amene ankati Flick ndi wamakani, tinkati ndi dolo. Sizoni yomweyo anaithibula Madrid kanayi konse, 4-0, 5-2, 3-2 ndi 4-3, n'kutenga ligi, Copa del Rey ndi Supercopa. Ndi mzere womwewu. Ngakhale ku Montjuïc kuja, Mkhitaryan analowetsa mpira muukonde koma chigolicho chinakanidwa chifukwa anapitirira ndi kachala chabe. Ena amati unali mwayi. Ine ndimati ntchito ya msamphawo ndi imeneyo, kachala kamakwanira.

Tsono tibwere pa nkhani yanga yeniyeni.

Ku San Siro Barcelona inali kumbuyo 2-0 popita kopuma. Inalibe Koundé, inalibe Balde, Lewandowski anali pa benchi akuchira. Omwe anaima m'malo mwa otchinga m'mbali aja ndi amene anaibweza timu m'masewero. Gerard Martín anaponya mpira, Eric García n'kuumenya uli m'mwamba m'mphindi ya 54. Martín yemweyo anaponyanso wina, Olmo n'kugoletsa ndi mutu m'mphindi ya 60. Kuyambira pamenepo Inter inali itatheratu mpweya, goloboyi Yann Sommer yekha ndi amene ankaigwira. Ndiye Raphinha anamenya, Sommer anabweza, Raphinha anamenyanso, 3-2. Masapota ena a Inter anayamba kutuluka m'bwalo.

Panatsala mphindi zitatu ndi zoonjezera za refa. Timu yomwe ili ndi Pedri ndi Frenkie de Jong, anthu oti kuwalanda mpira umachita kupempha, inkafunika kuchita chinthu chimodzi chokha, kuusunga mpirawo. Kuupititsa kumanzere, kuubweza, kuupititsa kumanja, kupita nawo ku mbendera ya kona, kulola kuti akugwetse, kudzuka mwaulesi, kumanga chingwe cha nsapato chomwe sichinamasuke. Mpira wonyansa womwe tonse timautukwana akamatichitira ena. M'malo mwake anapitiriza kufuna chigoli chachinayi. Lamine Yamal analowa mkati n'kumenya, mpira unagunda chitsulo. Mphindi imodzi isanathe bwino, Dumfries anali atamulanda mpira Gerard Martín mbali inayo, n'kuuponya m'bokosi, ndipo amene anaumalizira ndi Francesco Acerbi, wotchinga kumbuyo wa zaka 37, munthu yemwe anadwalapo khansa kawiri, amene anangodzituma yekha kupita kutsogolo poti panalibenso chotaya. Anamudutsa Araujo kutsogolo n'kuumenya ndi mwendo wamanja, womwe si wake n'komwe.

Sindikumuda Yamal. Anali ndi zaka 17, ndipo m'masewero awiri onsewo palibe amene anasewera mpira woposa wake. Zomwe anamuchita Dimarco ku Montjuïc zinali zochititsa chisoni kuonera. Mpira uja ukanalowa bwenzi tikumuimbira nyimbo mpaka pano. Mwana wa msinkhu umenewo akaona golo amamenya, ndi momwe alili. Funso langa likupita kwa akuluakulu omwe anali m'bwalomo ndi kwa Flick pamzere. Ndani anakuwa kuti anyamata, zatha, khazikani mpira pansi? Martín anapezeka bwanji ali yekhayekha ndi Dumfries m'mphindi ya 93, popanda wina womuphimba kumbuyo?

A Barcelona mudzanena za refa Szymon Marciniak, kuti Dumfries anamupalamula Martín asanatenge mpira. Ndauonera kambirimbiri malo amenewo ndipo ndikuona kukhudzana komwe refa wina akhoza kuimba, wina osaimba. Mu ndime ya matimu anayi, mphindi yomaliza, pabwalo la eni ake, ukadalira kuti wenzulo akupulumutsa ndiye kuti walakwitsa kale kwina.

Chigoli cha Frattesi m'mphindi ya 99 ndiye chimathetsa mkangano wa mzere uja. Barcelona yonse inali kumbuyo, m'bokosi mwake. Thuram anamutembenuza Araujo ngati palibe munthu, anapatsira Taremi, Taremi anamugonekera Frattesi, Frattesi ananamiza kamodzi n'kuupinda ndi mwendo wamanzere. Mvula ikugwa, iye akukwera pachipata kukuwa ndi masapota. Otchinga onse analipo, ambiri kuposa a Inter. Chomwe chinasowa ndi munthu woti amuimitse Thuram.

Ndiye pali gulu lina lomwe limati Raphinha atagoletsa, Flick akanangopaka basi ngati Mourinho. Nkhani ya 2010 timaikonda kwambiri, Inter ya Mourinhoyo ikusewera ndi anthu 10 polimbana ndi Barcelona ku Camp Nou Thiago Motta atapatsidwa khadi lofiira, Eto'o atasanduka wotchinga kumanzere. Koma timaiwala kuti usiku umenewo Piqué anagoletsa, ndipo Bojan analowetsa china chakumapeto chomwe chinakanidwa chifukwa refa anati mpira unakhudza dzanja la Yaya Touré. Wenzulo uja akanakhala chete, basi ya Mourinho bwenzi tikuiseka mpaka lero. Atlético ya Simeone mu 2014 inali timu yodziwa kutchinga kuposa ina iliyonse ku Ulaya, koma Sergio Ramos anaimwetsa ndi mutu pa kona m'mphindi ya 93 ku Lisbon. Ukabwerera m'bokosi umakhala waitana mipira ya m'mwamba, ndipo tanena kale zomwe Inter inkaichita Barcelona pa mipira ya m'mwamba. Kwa timu ya anyamata afupiafupi ngati imeneyi, kupaka basi kukanakhala kudzipereka. Chitetezo chawo chinali mpira kumapazi, ndipo ndi umene anautaya.

Chomwe chimanditsimikizira kuti vuto silinali kusewerera kutsogolo ndi zomwe zinachitika mu ndime yomaliza ku Munich pa 31 May. PSG ya Luis Enrique sinabwerere kumbuyo ngakhale pang'ono. Inaima pamwamba kuposa momwe Barcelona inaimira, ndipo Inter yomweyo, ya Thuram, Lautaro ndi Dumfries yemweyo, inamwa 5-0. Palibe timu inaluzapo ndime yomaliza ya chikhochi ndi kusiyana kwa zigoli kotere.

Kusiyana kwake kunali kutsogolo. Amene munaonera mukukumbukira Ousmane Dembélé ataima pamzere wa bokosi, atawerama ngati wothamanga wa mamita 100, maso ali pa Sommer, kudikira kuti mpira ungogunda phazi. Sommer, yemwe ku San Siro anali ngwazi, usiku umenewo ankangoutaya mpira kutsogolo mosayang'ana. Çalhanoğlu sanatembenukepo momasuka, Vitinha, João Neves ndi Fabián Ruiz anali pamsana pake nthawi zonse. Mpira wopita kumbuyo kwa otchinga a PSG, Marquinhos ndi Pacho, unalibe woti aumenye, ndiye mpata unalipo koma unali wopanda ntchito. Ngakhale poyamba penipeni PSG inachita dala kuumenyera mpira kunja kufupi ndi kona ya Inter, kuti Inter iyambe ndi kuponya ili m'dera lake, itazingidwa.

Hakimi anagoletsa m'mphindi ya 12 ndipo sanasangalale poti anasewerapo ku Inter. Désiré Doué, wa zaka 19, anamwetsa ziwiri. Kvaratskhelia china, Mayulu, wa zaka 19 nayenso, n'kutseka. Koma ine chomwe sindichiiwala si chigoli. Zinthu zili 4-0, masewero atatha kale, Kvaratskhelia anathamanga kuchokera kutsogolo kubwerera mpaka m'dera lake kukamulanda mpira Dumfries. Dumfries yemwe uja anakhudza zigoli zisanu pa Barcelona, ziwiri zake ndi zitatu zopatsira. Ku Munich anali ndi munthu pambali pake mpaka kumapeto. Ku San Siro m'mphindi ya 93 anapeza Martín ali yekha.

Luis Enrique atatha masewero ananena kuti Ballon d'Or apatsidwe Dembélé chifukwa cha momwe anatchingira, ndipo mu September anapatsidwadi. Mukumbukire kuti timuyi inachita zimenezi chaka choyamba Mbappé atachoka, ndipo mu January inali pafupi kutuluka, ili kumbuyo 2-0 ndi Manchester City isanatembenuze n'kupambana 4-2. Panjira inadutsa Liverpool, Aston Villa ndi Arsenal. A Arsenal musayambe, tikudziwa kuti Donnarumma anakukanizani zigoli zoonekeratu ku Emirates ndi ku Paris komwe. Goloboyi nayenso amalipidwa.

Enanu mumati Inter inafika ku Munich itatopa, ndi timu ya madala, ligi inali itangowapulumuka kupita ku Napoli ndi pointi imodzi. N'zoona, ndipo Inzaghi patangopita masiku ochepa ananyamuka kupita ku Al Hilal. Koma madala omwewo anali otopa kale ku San Siro kuyambira mphindi ya 60. Barcelona inawagwira pakhosi n'kuwasiya apume. PSG itagoletsa chachiwiri inausunga mpira, kuuzungulitsa mpaka Barella atasiya kuthamangitsa, n'kumabaya pomwe yafunira.

Funso lomwe a Barcelona amakonda kudzitonthoza nalo ndi loti akanafika ku Munich bwenzi atatenga chikho. Ine sindikukhulupirira. Yamal akanakumana ndi Nuno Mendes, ndipo patangotha sabata imodzi, pabwalo lomwelo la Munich, awiriwa anakumanadi Portugal ikusewera ndi Spain mu ndime yomaliza ya Nations League. Mendes anamutsekera njira, iye mwini n'kugoletsa, Portugal n'kutenga chikho pa mapenate. Mbali inayo Martín akanakhala akuthamangitsana ndi Hakimi ndi Doué usiku wonse. Ndipo Barcelona ndi PSG zitakumana pa 1 October 2025 ku Montjuïc, PSG inapambana 2-1 ilibe Dembélé, Doué ndi Kvaratskhelia. Ferran Torres anatsogoza Barcelona, Mayulu anabweza, ndipo Gonçalo Ramos anagoletsa m'mphindi ya 90 Hakimi atadutsa kumbuyo kwa otchinga. Pamenepo ndiye mzere unaswekadi, ndipo aganyu mukhoza kuuloza. Koma bwererani mukaonenso mphindi 20 zomaliza za masewero amenewo, muwerenge kuti ndi angati a Barcelona omwe anali akupanikizabe munthu wa mpira.