Kutembenuza gitala kokha sikungakupatseni kamvekedwe ka Hendrix

Nkhani ina yomwe ndawerenga yanena zoona kuti Jimi Hendrix, katswiri woimba gitala wa ku Seattle ku America amene anamwalira ku London mu 1970 ali ndi zaka 27 zokha, anali wamanzere ndipo ankaimba gitala ya mtundu wa Fender Stratocaster ya anthu akumanja ataitembenuza. Koma alembi ake asiya mfundo yaikulu: mawaya ankawamanganso kuti waya wonenepa ukhale pamwamba. Potero, pickup (kachipangizo kotola kulira kwa mawaya) yopendekeka ya kufupi ndi bridge (pomwe mawaya amathera pathupi la gitala) inkagwira mawaya onenepa pafupi ndi bridge, motero ankamveka akuthwa, pomwe oonda ankamveka ofewa. Amene mukufuna kuyesa, sinthaninso nut (kachidutswa ka mipata komwe mawaya amadutsapo kumutu kwa gitala), apo ayi waya wonenepa sukhala bwino mumpata waung'ono ndipo gitala izingophonya.

Kawirikawiri Hendrix ankatsitsa mawaya onse ndi theka la sitepe, kufika pa E flat. Mawaya amafewa ndipo kuwakoka sikuvuta.

Pa Fuzz Face, pedal (kabokosi koponda ndi phazi kosintha kamvekedwe ka gitala) yomwe Hendrix ankagwiritsa ntchito kuti gitala izibangula, ndi pamene ambiri amalakwitsa. Zakalezo zinali ndi ma transistor a germanium omwe amasintha kamvekedwe kukatentha, ndipo nthawi zambiri ziwiri sizinkamveka mofanana. Musaike pedal yokhala ndi buffer (kachipangizo kolimbitsa siginolo ya gitala) patsogolo pake, phokoso limakhala lokanda m'makutu. Tsekulani fuzz kwambiri, kenako bwezani volume ya pagitala pa 6 kapena 7, mumva gitala ikulira moyera bwinobwino. Mukaikweza pa 10 ndiye imabangula. Octavia, pedal ina yopangidwa ndi Roger Mayer, imamveka bwino pa pickup ya kukhosi, kuyambira fret (kachitsulo kopingasa pakhosi la gitala) 12 kupita m'mwamba. Pansi pamenepo imangosokoneza.