Lenzi yotchipa ya 420-800mm: nambala yoti muiganizire si 800

Anthu angapo andifunsa za lenzi imene ndinajambulira mwezi sabata yatha, ndipo awiri mwa iwo anena kuti akufuna kuitanitsa yawo akalandira malipiro. Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhire pano kamodzi, chifukwa yankho lake silingakwane m'mizere iwiri, komanso sindikufuna kuti wina adzataye ndalama zake n'kumanena kuti ine ndi amene ndinamulimbikitsa.

Lenzi yake ndi ija imalembedwa kuti 420-800mm f/8.3-16. Imagulitsidwa pa intaneti ndi mayina osiyanasiyana, koma mukaziyang'anitsitsa zonsezo n'zofanana: chitsulo chachitali ngati paipi, chopanda kanthu kalikonse kamagetsi mkati mwake, chimene munthu amachikoka kuti chitalike n'kuchipotokola ndi dzanja kuti chithunzi chioneke bwino. Yanga anandibweretsera msuweni wanga amene amapita ku Johannesburg kukaoda katundu, ndipo ndakhala ndikuigwiritsa ntchito kwa chaka ndi miyezi ingapo pa kamera yanga yakale ya Canon 600D. Mtengo wake umazungulira pa madola 100, pomwe lenzi ya 150-600mm yofokasa yokha, imene ojambula mbalame ambiri amaikonda, imadula pafupifupi kakhumi. Chichokereni pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri a ife lenzi yodulayo timangoionera pa zithunzi, choncho sindiseka munthu amene mtima wake wagwera pa yotchipayi. Inenso ndinagwera pomwepo.

Maganizo anga ndi akuti ogulitsa amatikopa ndi nambala ya 800, yosonyeza mmene lenzi imakokera pafupi zinthu zakutali, koma nambala imene idzalamulire chithunzi chilichonse chimene mudzajambule ndi 16 ija ili kumapeto, yolembedwa mwa tizilembo ting'onoting'ono.

Nambala ya f imasonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene lenzi imalowetsa, ndipo ikamakula kuwalako kumachepa. Pa malenzi ena munthu amasankha yekha nambalayi, koma pa iyi mulibe chosankha: ikakhala pa 420mm ili pa f/8.3, mukaikoka mpaka pa 800mm yafika pa f/16. Kuwala kolowa pa f/16 ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a kuwala kolowa pa f/5.6. Tsono lenzi yayitali simangokulitsa chinthu chakutali, imakulitsanso kunjenjemera kwa manja anu. Ojambula amatsatira lamulo lakale lakuti ngati kamera mwaigwira m'manja, liwiro la shutter (kachitseko kamene kamatseguka kanthawi kochepa kuti kuwala kulowe) lisachepere nambala ya kutalika kwa lenzi, ndipo pa kamera ya sensa (kachipangizo kolandira chithunzi) yaying'ono ngati yanga 800mm imachulukitsidwa ndi 1.6 n'kukhala ngati 1280mm, kutanthauza kuti pakufunika 1/1250 ya sekondi. Dzuwa lili paliwombo, kumwamba kopanda mtambo, f/16 pa ISO 100 (ISO ndi nambala yosonyeza mmene kamera imamvera kuwala) imafuna pafupifupi 1/100. Kuti mufike pa 1/1250 muyenera kukweza ISO mpaka 1600, ndipotu apa n'kuti kuli masana a Okutobala. Nanga m'mawa kapena chakumadzulo, nthawi imene mbalame zimatuluka, mbalameyo itatera mumthunzi wa mtengo wa mango? Mufika pa ISO 6400, ndipo pa kamera ya 2011 ngati yanga chithunzi chimadzaza timadontho ngati mwachiwaza mchenga.

N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti mtengo weniweni wa lenziyi ndi lenzi kuphatikiza tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu) yolimba, ndipo kawirikawiri tripod yolimbayo imadula kuposa lenziyo. Yanga yoyamba inali ya miyendo yopyapyala ngati bango, ndipo kamphepo kotsika ku Michiru madzulo kankakwanira kuvinitsa chithunzi pa sikirini. Ndinayesa kupachikapo chigubu cha madzi cha malita 5 kuti ilemere, zinathandiza pang'ono. Chimene chandithandiza kwambiri mpaka lero ndi kathumba ka nyemba zouma ka makilogalamu awiri kamene ndinakasoka mu nsalu yakale: ndimakaika pa kakhoma ka pakhonde, n'kugoneka lenzi pamenepo, n'kuikanikiza pang'ono kuti ikhazikike. Mukamagwiritsa ntchito tripod, mangani pa kamphete kamene kali pa lenzi penipenipo, osati pansi pa kamera, apo ayi kulemera konse kumathera pakamwa pa kamera. Ndipo batani musalidine ndi chala n'kujambula nthawi yomweyo. Tcherani kuti kamera idikire masekondi awiri, kuti kugwedera kwa chala chanu kuyambe kwatha.

Za kulumikiza ndinene mwachidule. Lenziyi ili ndi mazinga a T-mount, njira imene kampani ya Tamron inayambitsa mu 1957, choncho imafuna adaputa yogwirizana ndi kamera yanu, ndipo muonetsetse kuti mwaitanitsa yoyenera. Popeza palibe kulankhulana pakati pa lenzi ndi kamera, Canon imangolemba F00, zomwe si vuto. Makamera ang'onoang'ono a Nikon monga D3200 sayeza kuwala ndi lenzi yotere, ndiye mumaika pa M (pamene zonse mumatchera ndi dzanja) n'kumayerekeza nokha, pomwe pa Sony muyenera kuyamba mwalola kamera kujambula ngati kuti palibe lenzi.

Nkhani yaikulu ili pa kufokasa ndi dzanja. Mukasuzumira pa kagalasi koonera muli pa f/16, mumakhala mdima ngati chipinda chimene magetsi azima, ndipo diso lanu limakunamizani kuti chinthu chaoneka bwino pamene sichinafike. Njira yodalirika ndi kuyatsa sikirini yakumbuyo, kukulitsa kakhumi, n'kumapotokola pang'onopang'ono, koma mukangokhudza lenzi chithunzi chimayamba kudumpha, ndiye mumapotokola, kusiya, kudikira chikhazikike, kuona, n'kupotokolanso. Pa 800mm, chinthu chili pa mtunda wa mamita 10, malo amene amaoneka bwino ndi pafupifupi masentimita 10 okha kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa papaya umene apumbwa amaukonda. Loweruka lina ndinakhala pamenepo maola awiri ndikuthamangitsana ndi pumbwa mmodzi, ndipo nditatsegula zithunzizo pa kompyuta ndinapeza kuti mchira wake ndi kachikasu kapansi pa mchirawo zikuoneka nthenga iliyonse, koma mutu uli mbuu. Tsiku lotsatira ndinasintha nzeru: ndinafokasa pa papaya lakupsa limene linali litabooledwa kale, n'kusiya lenzi osaikhudzanso, n'kukhala phee. Patapita mphindi pafupifupi 20 pumbwa anabwera yekha kudzajompha pomwepo, ndipo chithunzi chimenecho ndi chimodzi mwa zitatu kapena zinayi za mbalame zimene ndimazinyadira. Lenziyi siitsatira chinthu. Imafuna mudziwiretu pamene chinthucho chidzaime.

Pa chifukwa chomwechi, amene mukulota zokajambula masewero a Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, lotolo lisiyeni. Ndinayesapo pa mpira wa achinyamata pa bwalo la m'dera lathu, ndipo pamene ndinkamaliza kufokasa pa wosewera, mpira unali utapita kale mbali ina. Zithunzi zimene zinatuluka bwino zinali za goloboyi ataima chilili, manja ali m'chiuno. Za ukwati ndi chinkhoswe musaganize n'komwe, chifukwa ngakhale pa 420mm muyenera kuima kunja kwa holo kuti mkwatibwi akwane yense m'chithunzi.

Pamene lenziyi imabweza ndalama zake ndi pa mwezi. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400, umawalitsidwa ndi dzuwa, sukhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo koti fokasi ikuvuteni, ndipo pa 800mm umadzaza pafupifupi theka la msinkhu wa chithunzi pa kamera ngati yanga. Ine ndimayambira pa ISO 400 ndi 1/200 ukakhala wathunthu, n'kumasintha malinga ndi zimene ndikuona. Anthu ambiri amadikira mwezi wathunthu, koma chithunzi chokoma chimatuluka uli theka, chifukwa m'malire a kuwala ndi mdima dzuwa limawomba chambali ndipo maenje ndi mapiri ake amakhala ndi mithunzi yaitali. Wathunthu umaoneka wosalala ngati mbale, kupatula mizere yoyera yochokera pa dzenje la Tycho. Musadabwe mukaona kuti Tycho ali kumtunda pamene pa zithunzi za anthu a ku Ulaya ali kumunsi. Ife tili kumwera kwa Equator, ndiye nthawi zambiri mwezi timauona chozondoka poyerekeza ndi iwo. Chinanso chimene simungachidziwe musanayese n'chakuti mwezi umathamanga: pa mphindi ziwiri zokha umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake, moti mukatanganidwa ndi foni mupeza watuluka m'chithunzi. Usiku wina bambo oyandikana nawo nyumba, munthu wachikulire, anaima pampanda n'kufunsa chimene ndinkalozetsa kumwamba. Nditawaonetsa sikirini anavula magalasi awo, kupukuta, kuvalanso, kenako anati, “Achimwene, mwezi womwewu uli ndi maenje chonchi?” Anaitana adzukulu awo onse, ndipo usiku umenewo sindinajambulenso. Tsiku lina ndinalozetsa pa Jupiter, ndipo miyezi yake inayi imene Galileo anaiona mu 1610 inaoneka ngati timadontho pa mzere umodzi, ngakhale Jupiter mwiniwakeyo anali kampira koyera chabe.

Pali chinthu china chimene anthu amaimbira mlandu lenziyi pamene wolakwa ndi mpweya wa mu Blantyre. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kumwamba kumadzaza utsi wa moto wa tchire ndi fumbi, ndipo masana malata a nyumba zikwizikwi amatulutsa kutentha kumene kumachititsa zinthu zakutali kuoneka ngati zikuvina m'madzi. Mukalozetsa pa phiri la Ndirande kapena la Soche nthawi imeneyo, chithunzi chidzakhala chotuwa ngakhale mutabwereka lenzi ya mamiliyoni, chifukwa pakati pa inu ndi phirilo pali makilomita a mpweya wakuda umene lenzi yayitali imauunjika pamodzi. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kubisa phiri lonse. Nthawi yabwino ndi m'mawa kwambiri mvula itagwa usiku, makamaka chakumapeto kwa dzinja, pamene munthu ali pamalo okwera amatha kuona Mulanje ali ngwee.

Koma zolakwa zake zenizeni ziliponso, ndipo sindizibisa. Pamene choyera chakumana ndi chakuda, monga pachifuwa pa khwangwala kapena nthambi imene kumbuyo kwake kuli thambo lowala, pamatuluka kamzere kofiirira kopita ku pepo. Pa 800mm chithunzi chimakhala chofewa ngakhale mutafokasa bwanji, ndipo ine ndapeza kuti pakati pa 500mm ndi 600mm ndi pamene yanga imagwira bwino, kenako ndimadula chithunzicho pa kompyuta. Pa Facebook, munthu akuonera pa foni, zambiri mwa izi sizioneka. Mukati musindikize chachikulu choti mupachike pakhoma, zonse zimabwera poyera.

Ndiye ngati mulibe lenzi yayitali ina iliyonse ndipo ndalama zilipo za chinthu chimodzi, ine ndinganene kuti funani 55-250mm kapena 70-300mm yogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka yokhala ndi chochepetsa kugwedera. Siifika patali ngati iyi, koma imafokasa yokha, imalowetsa kuwala kochuluka, ndipo chithunzi chake chakuthwa mukachidula nthawi zambiri chimaposa chofewa cha 800mm. Imeneyo mudzapita nayo ku Liwonde kapena ku Majete n'kubwerako ndi njovu ndi mvuu, mudzajambulira ana pa masewero a kusukulu, mudzainyamula m'chikwama. Ya 420-800mm ndi ya munthu amene ali kale ndi lenzi ya tsiku ndi tsiku, amene amakonda mwezi ndi zinthu zokhazikika, ndipo sakhumudwa kufufuta zithunzi 50 kuti asunge ziwiri. Kwa munthu wotero ndimaivomereza ndi mtima wonse, chifukwa ine zimene ndikudziwa za ISO ndi shutter ndinaziphunzira pa iyo. Inandikakamiza kuchoka pa Auto (kusiyira kamera kuti isankhe zonse yokha) pamene ndinakhalapo zaka zambiri.

Mukaigula, kumbukirani kuti ikatambasulidwa imaoneka ngati mzinga ndipo anthu amaiona. Musailozetse kumene kuli Sanjika, ku bwalo la ndege la Chileka kapena kumalo a asilikali popanda chilolezo, ndipo kutha kuona khonde la munthu wa kutsidya kwa chigwa si chilolezo chomujambula. Dzuwa ndiye musayerekeze n'komwe kuliyang'ana kudzera m'menemo, chifukwa likhoza kuwononga diso ndi kamera yomwe pa kanthawi kochepa.

Kwa inu awiri amene mukufuna kuitanitsa, musatumize kaye ndalama. Mwezi ukadzafika theka ndidzalemba pano, mubwere ndi makamera anu madzulo kusanade, mudzayese yanga pa papaya lija kenako pa mwezi. Adaputa imene ndili nayo ndi ya Canon yokha, choncho wa Nikon adzagwiritsa ntchito kamera yanga, koma abwere ndi memory card yake kuti akaone zithunzizo pa kompyuta kwawo.